Nkhumba ya M'dzenje ya Ababa

Amayi atamwalira, bambo anga anasiya kudya. Sanachite kulengeza, komanso sankakankha mbale mwaukali ayi. Ankailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza bwinobwino, n'kuiika pansi pambali pa mpando. Pakapita kanthawi nkhuku zinkabwera kudzawathandiza. Nkhuku za pakhomo paja zinanenepa chaka chimenecho mpaka zina zinkavutika kukwera m'khola.

Amayi anagwa m'munda wa mpunga mvula ikupita kumapeto, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Ine uthenga unandipeza kunyanja ya Chiuta, kumene ndinakwatiwa, ndikutembenuza matemba pathandala. Ndinamaliza kaye thandala lonselo ndisanakauze mwamuna wanga. Pamaliro sindinalire. Azimayi ankandiyang'ana cham'mbali, ine n'kumayesa kufinya nkhope kuti mwina china chituluke, koma ayi ndithu. M'kati mwanga munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali pamkeka: ukuuona kuti ndi wako, ukuutsina, koma wachita dzanzi. Ndinkaganiza kuti zitha anthu akabalalika. Anthu anabalalika, dzanzi lija linatsala.

Ndinatsalira kwathu ku Insaca kuti ndiwasamale bambo, poganiza kuti ndi za masabata ochepa. Mchimwene wanga ali ku Nampula, ndipo thandizo lake linali kuimba foni m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti, "Adya?" Ndinayesa zonse zimene mkazi angayese. Phala lothira nsinjiro, msuzi wa mlamba wouma, mbatata yootcha, tiyi wa mkaka. Zonse zinkathera m'mimba mwa nkhuku. Lamba wa thalauza lawo tinamuboola bowo lina, kenako linanso. Nditaona kuti akuyamba kugwira khoma popita kuseri, ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Namwino anawayeza magazi, anawamvetsera pachifuwa, n'kupeza kuti malungo palibe, shuga palibe, chifuwa chachikulu palibe. Anandiitanira pakhonde.

"Achemwali, mankhwala a zimenezi ife tilibe," anatero. "Chimene angatchule ndi pakamwa pawo, apatseni chimenecho. Akapitiriza chonchi sachedwa."

Ndinavomera ndi mutu ngati akundiuza za ulendo wa shapa, timabasi ta kwathu. Ndinamva mawu onse, ndinawamvetsa, koma sanandilowe.

Nyengo yozizira itafika, m'mawa wina ndikusesa kuseri kwa khitchini, bambo anali atakhala padzuwa atafunda bulangeti. Anayang'ana kamtengo kamene kali pafupi ndi mpanda, kamene kamabala makoko a timinga tofewa, n'kunena kuti, "Zakhwima zimenezo." Aka kanali koyamba kuyamba okha nkhani chichokereni kumanda. Ndinaimika tsache.

"Ababa, mukufuna chiyani? Nenani chilichonse, ndiphika."

Ndinayambanso kusesa. Kenako anati, "Pibili."

Mbiri ya chakudya chimenechi pakhomo pathu ndi yaifupi. Nkhondo itatha, makolo anga anabwerako ku Malawi kumene anathawira, ine ndili kumbuyo kwa amayi. Bambo anapeza ntchito yophikira apadiri, ansembe a kutchalitchi kwathu. Mmodzi mwa apadiriwo anali wochokera ku Mexico, munthu wamfupi wokonda kuseka, amene ankasowa kwawo kudzera m'mimba. Iyeyo ndiye anabzala kamtengo ka njere zofiira kuseri kwa nyumba ya apadiri, n'kuwaphunzitsa bambo mmene anthu a kwawo amaphikira nkhumba pansi pa dothi. Padiri uja anabwerera kwawo kalekale. Bambo anazula kambande kubwera nako kwathu, ndipo kamodzi pa chaka, tikatha kukolola, ankakumba dzenje kuseri kwa khitchini. Iwo ankati pibili, monga ankanenera mwini wake. Anthu a m'bayiro, m'dera lathu lija, lilime linkawakana, ankangoti nkhumba ya m'dzenje.

Vuto linali ine. Mwamuna wanga ndi Msilamu, msodzi wa ku Chiuta, ndipo pokwatiwa naye ndinalowa Chisilamu, osati mokakamizidwa koma ndi mtima wanga wonse. Bambo sanakangane nane. Anabwera kuukwati, anadya mpunga ndi mbuzi, anavina pang'ono. Kuyambira pamenepo nkhumba sindinaigwirenso, ndipo tsiku la dzenje likafika amayi ankanditumizira uthenga kuti ndisabwere sabata imeneyo.

"Ya nkhuku ndingathe, ababa," ndinatero. "Nkhuku zili mbwee pano, zonona bwino. Mwazinenepetsa nokha."

"Nkhuku ndi nkhuku."

"Nanga ya mbuzi?"

Anakoka bulangeti mpaka m'khosi n'kutseka maso. Ndinaima pamenepo ndi tsache m'manja kudikira kuti ndimve mantha, kapena mkwiyo woti bambo wanga akundipempha chinthu chotere akudziwa bwino chimene ndili. Sindinamve chilichonse. M'mutu munangobwera ganizo limodzi, loti munthuyu watchula chakudya. Ndinatenga lichero n'kuyamba kuthyola makoko aja.

Nkhumba ku Insaca saigulitsira pakati pa msika. Umapita kunja, kuseri kwa malo ena omwera mowa, kumene bambo wina amapha Loweruka n'kuipachika pansi pa mtengo wa mango. Ndinapita ndekha, mpango wanga uli kumutu monga mwa masiku onse. Sindinaone chifukwa chouvulira. Amuna amene anakhala pabenchi anasiya kulankhula nditafika, mmodzi anaika botolo pansi kuti aone bwino.

"Mayi, mwasochera," anatero wogulitsayo. "Mbuzi ndi uko."

"Ndikufuna mwendo wakutsogolo, ndi phewa lake lomwe. Khungu musachotse, mafuta musachotse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkhope yake inasintha. "Ndinu mwana wa akuluakulu aja ophika kwa apadiri? Akumba chaka chino?"

"Akumba."

Sanafunsenso. Anadula nyama yabwino, anaikulunga m'majumbo awiri, n'kuimangirira yekha kumbuyo kwa njinga yanga kuti ine ndisaigwire. Ndinamuthokoza. Pobwerera ndinadutsa njira yomweyo ya pamsika imene ndinadzera popita, chifukwa yozungulira ndi yaitali ndipo ndinali nditatopa.

Madzulo a tsikulo bambo anandiuza kuti ndiwakokere mpando pafupi ndi khomo la khitchini. Njere zija ndi zazing'ono koma zolimba ngati timiyala, ndiye umaziviika kaye m'madzi otentha mpaka zifewe, kenako n'kuzisinja m'kamtondo ka zokometsera. Ndinasinja mpaka phewa linayamba kuwawa. Iwo anapempha kuti aone, anatsina pang'ono n'kupekesa pakati pa zala.

"Ukufuna anthu athyoke mano? Sinja."

Ndinasinjanso. Adyo anati ndisamusende wamuwisi, ndimuike kaye pamakala ndi makoko ake mpaka ade, kenako ndimufinyire mumtondo momwemo. Tinathiramo tsabola wakuda, kominyo pang'ono wa m'kabotolo kamene amayi ankasunga padenga, ndi mchere. Zitatero ananditumiza kumtengo wa malalanje owawasa umene uli kumalire a munda, malalanje oti ngakhale ana sawaba. Ndinafinya ambiri mpaka timabala ta m'manja tinayamba kunyerenyetsa. Madzi akewo atasakanikirana ndi zosinja zija panatuluka phala lofiira ngati dothi la pachulu mvula itagwa.

Ndinavala majumbo m'manja, n'kuwamanga ndi mphira pamkono. Bambo anayang'ana majumbowo. Anandiuza kuti ndiduledule nyama m'zibenthu zazikulu ngati chibakera, ndiibaye ndi nsonga ya mpeni mbali zonse, kenako ndiipake phala lija mpaka lilowe m'mabowo. Jumbo la kudzanja lamanja linang'ambika ndisanafike pakati. Ndinamva kuzizira kwa nyama pa zala, kuterera kwa mafuta. Ndinayang'ana dzanjalo, lofiira mpaka m'zikhadabo. Ndinavula jumbo linalo n'kumaliza ndi manja. Nditatha ndinavundikira beseni, n'kuikapo mwala chifukwa cha galu, kenako ndinakasamba m'manja ndi dothi ndi madzi monga tinaphunzitsidwira. Fungo linachoka koma kufiira kunakana.

M'mawa mwake ndinayamba kukumba. Malo ake sanasowe, chifukwa dothi la pamenepo ndi lakuda ndi makala a zaka zambiri, ndipo miyala yake inali itaunjikidwa pansi pa nkhokwe. Koma nthaka ya mwezi umenewo ndi youma gwa. Ndikulimbana nayo ndinamva njinga yamoto ikuima kumaso kwa nyumba. Anali mwamuna wanga, atabweretsa matumba a nsomba kumsika, n'kuti adzere kudzaona apongozi ake. Anagwada pafupi ndi mpando kuwapatsa moni, anacheza nawo pang'ono za mphepo ya panyanja, kenako anazungulira kuseri. Anaona dzenje, anaona beseni lili ndi mwala pamwamba, anaona manja anga.

"Ndi zimene ndikuganizazi?"

"Ndi zomwezo. Atchula okha. China chilichonse akukana."

Anakanda m'ndevu. Mwamuna wanga si munthu wa mawu ambiri, ndipo akakwiya amayamba kuyang'ana nsapato zake. Anaziyang'ana kwa kanthawi. Kenako anavula jekete, n'kulipachika pampanda, n'kundilanda khasu.

"Dzenje si nkhumba," anatero.

Anakumba mpaka m'mawondo, anasalaza m'mbali, anayala miyala pansi. Anawazanso nkhuni za mtengo wolimba zimene ine zinandikanika. Atatha anasamba, anavala jekete lake, n'kundiitanira kunjinga.

"Kuphikira kholo lodwala, Mulungu akuona yekha, ine sindiweruza. Koma pakamwa panu pasalowe kanthu, amake mwana. Zikafika pamenepo sindidziwa chimene ndingakanene kwa amayi anga ndi kwa anthu a kumzikiti. Sindidziwanso chimene ndingadziuze ndekha."

"Ndamva."

"Ana akufunsa kuti mubwera liti."

"Akadya ababa."

Analiza njinga n'kumapita. Ndinadziwa kuti wandichitira chinthu chachikulu, ndipo ndinadziuza kuti ndiyenera kumva kuthokoza mumtima. Ndinangodziuza basi, n'kubwerera kukasonkha moto.

Moto umayaka pamwamba pa miyala mpaka nkhuni zonse zisanduke makala, miyala n'kuyera. Podikira ndinadula masamba a nthochi, n'kuchotsa msana wa tsamba lililonse. Bambo anati ndiwawambe pamoto limodzilimodzi, osafulumira, mpaka tsamba lisinthe mtundu n'kuyamba kunyezimira, chifukwa laliwisi limang'ambika ukalipinda. Awiri oyamba ndinawapsereza.

"Amako ankatembenuza asanamve fungo," anatero.

Aka kanali koyamba kuwatchula amayi. Ananena ngati akunena za munthu amene wapita kuchigayo. Ine ndinatenga tsamba lachitatu n'kulitembenuza msanga.

Tinayala masamba m'sefuliya yakale yachitsulo imene sinkagwira ntchito ina iliyonse, mopingasa, nsonga zikulendewera kunja. Ndinathiramo nyama ndi madzi ake onse, n'kupinda masamba pamwamba, n'kuvundikira. Kuitsitsira m'dzenje kunali kovuta chifukwa kutentha kunkandiwaula nsidze. Pamwamba pa dzenje ndinaikapo lata, pa lata ziguduli zonyowa, kenako dothi. Apa bambo anaimirira. Anagwira khoma, anagwira mtengo wa nkhokwe, mpaka anafika pamene ndinali. Ankaloza ndi ndodo paliponse pamene kautsi kankatulukira, ine n'kumathirapo dothi n'kupondaponda.

"Apo. Apo. Ukasiya kabowo kamodzi, wadyetsa mphepo."

Pokwirirapo ndinakumbukira kuti dothi lomaliza kuliona likuthiridwa chonchi linali la amayi. Ndinaimitsa khasu kudikira kuti mwina tsopano zibwera. Sizinabwere. Ndinamaliza kukwirira, n'kukatsuka beseni.

Tsiku lonse dzenje limagwira ntchito lokha. Palibe chovundula, palibe cholawa, sungathe ngakhale kusuzumira. Ndinadula anyezi wofiira mopyapyala, n'kumuthira madzi otentha pang'ono, kenako madzi a malalanje aja, mchere ndi piripiri, n'kumusiya kuti asinthe mtundu. Ndinaphika mpunga wambiri chifukwa bambo anati wochepa sukwana. Ndinachapa, ndinaswali masana, ndinakhala pakhonde. Bambo sanagone monga ankachitira masiku ena onse. Ankapita padzenje, n'kuika chikhato padothi, n'kubwerera pampando. Anapempha madzi osamba, anameta ndevu, anavala shati yoyera ya ku tchalitchi imene tsopano inkawalendewera m'mapewa. Mchimwene wanga ataimba foni ndinamuuza kuti, "Lero adya." Ndinkakhulupirira zimenezo.

Dzuwa litapendeka anati ndifukule. Ndinapalasa dothi, ndinachotsa ziguduli, ndinakoka lata ndi khasu. Masamba anali atada ngati fodya. Nditawatsegula nthunzi inandimenya kumaso, ndipo fungo lija linandibwezera kuubwana osandifunsa: utsi, malalanje, adyo, ndi kena kake ka dothi kamene sindidziwa dzina lake. M'kamwa munadzadza malovu. Ndinachita manyazi pang'ono ndi thupi langa, n'kulavulira kumbali. Nyama inali itafewa moti fupa linangosolola lokha nditaligwira.

Bambo anakhala pampando, sefuliya ili pakati pa miyendo yawo, mafoloko awiri m'manja, n'kuyamba kuinyenyanyenya m'msuzi wake. Ndinabweretsa mbale yawo, ndinaikamo mpunga.

"Dikira," anatero. "Kaitane kaye anthu. Uwauze abwere ndi mbale."

Ananditchulira makomo. Kwa mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda amene anasambitsa thupi la amayi. Kwa azimayi a kwaya amene anagona pakhomo masiku a maliro. Kwa amuna amene anakumba manda. Kwa mmisiri wa matabwa amene anakhoma bokosi. Sizinandidabwitse, poti chakudya chimenechi sichinkadyedwa ndi banja lokha. Ndinazungulira, ndipo ambiri ndinakumana nawo panjira, fungo litawaitana kale.

Anabwera ndi mbale zawo, ena ndi ana kumbuyo. Bambo ankagawa okha. Nyama, msuzi pang'ono, anyezi pamwamba, ine n'kumaika mpunga. Aliyense ankamuitana pafupi, n'kumugwira dzanja, n'kumuthokoza ndi mawu akeake. Anaseka ndi mayi wamasiye uja za chaka china chimene galu anafukula dzenje anthu ali ku tchalitchi. Anthu ankandinong'oneza kuti, "Mwachita bwino, achira akuluwa." Mmodzi wa azimayi a kwaya anayang'ana mpango wanga, anayang'ana manja anga ofiira, n'kundisisita pamsana. Mbale ya bambo inali pansi pambali pa mpando, mpunga ukuzizira, ndipo ndinkaithamangitsira nkhuku ndi phazi.

Womaliza anali mmisiri uja. Bambo anamuikira zambiri kuposa onse, n'kumukokera pafupi. Analankhula motsitsa, koma ine ndinali nditawerama pomwepo kukokota mpunga m'poto.

"Matabwa aja anatsala pa bokosi la amayi, musagulitse. Muwasunge pouma."

Mmisiri anaseka mwamanyazi, anati, "Aaa, akulu, musatero," n'kunyamula mbale yake. Sanandiyang'ane potuluka.

Ndinapitiriza kukokota poto mpaka munayera. Ndiye kuti bambo sanatchule chakudya. Anatchula njira yotsanzikira anthu, ndipo anafuna manja oti awaphikire, manja ake n'kukhala anga. Ndinalimvetsa bwinobwino ganizo limenelo, mbali zake zonse, mmene munthu umamvetsera kuti mvula ikubwera uchotse zovala pachingwe.

Pabwalo panatsala ife awiri ndi galu. M'sefuliya munatsala timinofu tomatirira pamasamba ndi msuzi wofiira pansi.

"Nanga zanu, ababa?"

"Ine ndakhuta fungo. Zotsalazo um'patse galu, wadikira mokwanira."

"Mwandiphikitsa kuti mugawe?"

"Waphika bwino, mwana wanga. Kuposa mmene ndinkaganizira. Anthu adya za pakhomo pano, mtima wanga wakhala pansi." Anapukuta mafoloko patsamba n'kuwaika pamodzi. "Mawa uzipita kwanu. Ana akusowa mayi wawo."

"Ndamva za matabwa."

Anayang'ana kumpanda.

Ndinakoka sefuliya n'kukhala pansi, padothi, patsogolo pawo penipeni. Ndinamatula kamnofu patsamba ndi zala zanga, n'kukaviika m'msuzi, n'kuwapatsira.

"Idyani."

"Sindikumva njala."

"Idyani, ababa."

"Ndati sindikumva njala. Usandivute, ndatopa."

"Ndiye ndidya ine."

Anatembenuka. "Usachite masewera."

"Si masewera. Ndaphika ndine, sizingapite kwa galu. Mukapanda kudya inu ndidya ine, inu mukuona. Ndikatero mawa ndipita ku Chiuta monga mwanenera, ndikawauza ndekha apongozi anga ndisanakhale n'komwe pansi."

Sindinakweze mawu. Ndinalankhula ngati ndikulozera mlendo njira ya ku Entre Lagos. Sindinali kuwaopseza mwaukali, chifukwa ukaliwo ndinalibe. Ndinkadziwa chimene ndikuika pamoto: mwamuna amene anandikumbira dzenje m'mawa womwewo, ana anga, swala zanga za zaka zonsezi. Ndinaziona zonse zili pamzere, ndipo sizinandilemere kuposa kamnofu kamene kanali pa zala zanga. Ndinakakweza. Kutentha kwake ndinakumva pamlomo.

Dzanja lawo linandigwira pamkono. Sindinkadziwa kuti mwatsala mphamvu yotero mwa munthu ameneyo. Anandifinya mpaka zala zanga zinatseguka, anatola kamnofu kaja ndi dzanja linalo, n'kukaponya m'kamwa mwawo. Anatafuna nthawi yaitali, akundiyang'ana ndi maso ofiira. Kumeza kunawavuta, khosi linali litaiwala ntchito. Anatsokomola, misozi inatuluka, sindidziwa ngati inali ya kutsokomolako.

"Mwana woipa iwe," anatero. "Mwana woipa kwambiri."

Mchimwene wanga, nditamufotokozera patapita nthawi, anandifunsa ngati ndikanadyadi. Bambo sanandifunsepo, mpaka lero, ngakhale timakhala limodzi pakhonde lawo ndikabwera kudzagulitsa nsomba, iwo akudandaula kuti tiyi ndawathirira shuga wochepa. Yankho lake sindilidziwa. Munthu amene anakhala padothi tsiku lija sankamva kanthu, ndipo munthu wotero angathe kuchita chilichonse.

Atameza anandisiya mkono. Anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kuloza ndowa ndi mutu.

"Basi, ndadya. Kasambe m'manja."

Ndinayang'ana m'sefuliya. Munali mutatsala timinofu tokwana kudzadza chikhato, ndi mpunga wozizira uja m'mbale. Ndinamatula kachiwiri, ndinakaviika m'msuzi, n'kukagwira pakati pa pakamwa pawo ndi panga.

"Aka n'ka ndani, ababa?"

Anatukwana chapansipansi, mawu amene sindinawamvepo akutuluka pakamwa pawo. Kenako anatambasula dzanja.